Chiitano Chinali Chimodzi

"Kuchokera pa Thabwa kukafika ku Marka, amene tinaitanidwa sitingadzaze bwato," ankatero a Symon pansi pa mtengo wa nimu, foni ili pabondo ngati khanda lobatizidwa kumene. "Kuno ku Makhanga ndiye musavutike n'kufunsa. Mukandiona ine, mwaona onse."

Amuna awiri amene anali pabenchi anavomera ndi mitu. Mmodzi anali atabwera ndi mlamba wowamba, ataukulunga m'pepala la simenti, ndipo ankausuntha pang'onopang'ono kuti a Symon auone.

Evelesi, mkazi wa a Symon, ankapeta mapira kuseri kwa khitchini ndipo anamva zonse. Anangokumbukira kuti pakamwa pomwepo panatulukapo mawu akuti ku esiteti ya nzimbe thirakitala sinkadutsa popanda chilolezo cha a Symon. Zinali zoona ndithu, chifukwa ntchito yawo inali yokweza chitsulo cha pageti.

Kumene anaitanidwako kunali ku Tilonge, tsamba latsopano la pa intaneti loti munthu azilembapo nkhani zake, ena n'kumawerenga. Analipanga anyamata ena a ku Blantyre, ndipo popeza linali lidakali pa mayeso, khomo lake linali lotseka. Munthu ankalowa pokhapokha wamkati akamuitana, ndipo wamkati aliyense ankapatsidwa chiitano chimodzi chokha choti apatse mnzake. A Symon anaitanidwa ndi Raphael, mwana wa mlongo wawo, amene ankafuna munthu wa kuchigwa woti azilemba za moyo wa anthu madzi osefukira akaphwa. Chiitano chawo chimodzicho a Symon anachisunga monga ena amasungira ng'ombe ya mkaka: osagulitsa, koma kukama tsiku ndi tsiku.

Alendo atapita, mlamba n'kutsala, Evelesi anatulukira ndi lichero lake.

"Bambo a Thandizo, mlamba uwu ndi wa chiyani?"

"Ndi ndiwo. Kodi mlamba umakhalanso wa chiyani?"

"Ndikufunsa kuti wagula chiyani."

"Sunagule kanthu. Anthu akulemekeza munthu."

"Ulemu wakewo unali kuti zaka zonsezi? Anthuwa akuyesa kuti mukulemba mayina a chithandizo. Mukudziwa bwino kuti kuno chinthu chikangokhala cha anthu ochepa, n'kukhalanso m'foni, aliyense amaona mabulangete ndi matumba a ufa."

"Ine ndawauza za mabulangete?"

"Simunawauze. Komanso simunawatsutse."

"Munthu satsutsa zimene sanafunsidwe, mayi a Thandizo."

Evelesi anaika lichero pansi. "Chabwino, mlamba tidya, tchimo lake mudzasenza nokha. Nanga achemwali anga? Anakubzalirani mbatata munda wonse wa kumtsinje. Msana umene unathyoka ndi wawo. Munati akamaliza muwapatsa chiitanocho. Mbatata yayanga, kholowa tayamba kudya, chiitano sichinatulukebe m'thumba."

"Zinthu izi zili ndi ndondomeko yake."

"Ndondomeko yake ndi yotani, yoposa kudina batani?"

"Ukuonatu," anatero a Symon, akugwedeza mutu momvera chisoni, "n'chifukwa chake sakuitana aliyense."

Nkhani ya Clotilda, mkulu wake wa Evelesi, inkadziwika mudzi wonse. Mwamuna wake anamwalira chaka chatha. Chaka chino madzi anabwera, n'kusiya mchenga ndi matope pa madimba onse, malire onse n'kukwiririka. Madzi ataphwa, a Kaitano, mwini golosale ya pamsika, amene dimba lawo linali loyandikana ndi la Clotilda, anakhoma zikhomo zatsopano. Zikhomozo zinali ndi miyendo. Zinayenda mpaka zinameza dimba lonse la mayi wamasiyeyo. Atakadandaula kwa akuluakulu a m'mudzi, anamuuza kuti nkhani za malire sizifuna phuma. Masiku amenewo tiyi wa akuluakuluwo ankatsekemera bwino.

Ndiye Clotilda anamva mlamu wake akunena kuti pa Tilonge pali maloya, atolankhani ndi anthu a m'maofesi, onse atatchera khutu kudikira zimene anthu a kuchigwa anene. Mwa onse ofuna chiitanocho, iye yekha ndiye anamvetsa kuti mulibe bulangete mmenemo. Ankangofuna poti anenere nkhani yake.

Sabata yotsatira anabwera yekha, m'mawa dzuwa lisanayambe kuluma. M'manja anali ndi foni yosweka galasi imene mwana wake anamutumizira kuchokera ku Nchalo. Anagwada pang'ono, n'kukhala pamphasa.

"Alamu, ndabwera ndi foni. Ndagulamo bandulo, ndatchajanso. Akuti mumangotumiza manambala ena ake."

"Anakuuzani ndani kuti n'zophweka choncho?"

"Inu nomwe, tsiku lomwe ndinkamaliza mizere ya kumunsi."

A Symon anatsokomola. Anatenga foni yawo, n'kuiyang'ana nthawi yaitali ndi nkhope ya dokotala amene waona chinthu chachilendo.

"Akukonza kaye zina ndi zina kumtundako. Mukudziwa, chinthu chikakhala pa mayeso sitichikakamiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, alamu."

"Nkhono ilibe dimba," anayankha Clotilda. "Chinyontho chikuthawa, alamu. Anzanga chimanga chawo chafika m'mawondo, ena nyemba zayamba maluwa. Mwezi uno ukatha, ngakhale atandibwezera dimbalo ndidzangolandira fumbi. Ana aja adya chiyani mpaka mvula?"

"Ndikumvetsa. Koma mukalowa mukalemba chiyani? Paja pamakhala anthu ophunzira. Si pachitsime paja."

"Ndikalemba kuti dimba langa latengedwa."

"Basi?"

"Pali zinanso zofunika kuwonjezera?"

"Nkhani imafuna mutu, mawu oyamba, thunthu, kenako mawu omaliza."

"Mutu wake ndi a Kaitano. Thunthu ndi dimba. Mawu omaliza ndi njala."

Evelesi, amene ankatsuka mbale chapafupi, anaseka mpaka kapu inamupulumuka. A Symon sanaseke. Anati abwerenso Lachisanu, ndipo Lachisanu litafika iwo anali atapita kumsika kukaona zinthu zina zofunika kwambiri.

Chofunika kwambiricho chinali moto wa foni. Foni ya munthu wamkati imadya moto ngati ng'anjo ya njerwa, chifukwa imayenera kutulutsidwa m'thumba aliyense akamadutsa. Pamsika ponse, sola yodalirika inali ya a Kaitano.

"Shamwali!" anafuula a Kaitano atawaona. "Bweretsani kuno bwana wanuyo adye. Ayi, bwezani ndalamayo m'thumba. Munthu ngati inu kulipira moto? Tingachite manyazi."

Anawatulutsira mpando wapulasitiki, uja amakhalira okha, ndi botolo la chakumwa chozizira. A Symon anakhala pansi ngati munthu amene dziko layamba kumuzindikira mochedwa.

"Ndamva kuti muli ndi malo amodzi," anatero a Kaitano motsitsa mawu.

"Alipo. Koma ali ndi mwini wake, tingatero."

"Mlamu wanu uja? Shamwali, ganizani bwino. Munthu amene mumulowetse ndiye nkhope yanu kumeneko. Anthu a ku Blantyre adzati, tiyeni tione amene a Symon atibweretsera. Ndiye atsegule n'kupeza maliro okhaokha? Adzati Makhanga ndi dziko la olira. Pamene mukalowetsa munthu wa bizinesi, wa chitukuko, adzati bambo uja amayenda ndi anthu."

A Symon anamwa pang'ono. Mawu akuti amayenda ndi anthu anatsika bwino kuposa chakumwacho.

"Ndiye foni yanu izidya pano mpaka kalekale," anawonjezera a Kaitano. "Ngati kwawo."

Batani lija, limene linali ndi ndondomeko yaitali chotere, linadinidwa botolo lisanathe.

Masiku angapo anadutsa a Symon akuyenda mozemba njira ya kwa Clotilda. Akanangokhala chete, mwina akanapeza bodza lina loti agulire nalo nthawi. Koma kudzitama kuli ngati chifuwa, sikubisika. Tsiku lina masana, atangomaliza kudya, anaitana mkazi wawo.

"Mayi a Thandizo, tabwera udzaone mmene anthu akuyamikirira Makhanga. Umati chinthuchi n'chopanda ntchito."

Pafoni panali chithunzi cha a Kaitano atavala magambutsi atsopano, khasu lili paphewa, ataima pakati pa mizere yongolimidwa kumene. Pansi pake panali nkhani ya mlimi wolimba mtima amene madzi anamulanda zonse koma sanagonje. Anthu anali atayankhapo kale. Bungwe lina linalemba kuti likufuna kudzaona dimbalo, chifukwa likusaka alimi achitsanzo oti liwapatse pampu ya sola.

Evelesi anayang'ana chithunzicho, kenako mwamuna wake, kenako chithunzicho kachiwiri.

"A Kaitano alowa bwanji muno?"

A Symon anazindikira pamenepo kuti ayika phazi pa nyerere. "Njira zolowera n'zambiri."

"Munati chiitano n'chimodzi."

"Ndinatero?"

"Munauza mudzi wonse, mpaka mbuzi zikudziwa. Tandikulitsireni apa." Analoza kumbuyo kwa a Kaitano. "Mgwalangwa wothyoka nsonga uwu mukuudziwa? Pansi pakepo ndi pamene alamu anga malemu ankapachika chigubu cha madzi. Ili ndi dimba la achemwali anga, bambo a Thandizo. Mwapereka pakamwa kwa wakuba kuti akauze dziko kuti ndi lake!"

"Usakweze mawu. Migwalangwa imafanana."

"Imafanana? Nanga amuna amafanananso? Chifukwa ine ndikayang'ana amene ndinakwatiwa naye sindikumuona pano."

"Iwe sukumvetsa za maubale a anthu otsogola. Mawa pampu ija ikabwera, ndani adziwa, mwina ndi ife tidzathirira nawo."

"Kuthirira dimba lakuba ndi pampu yabodza. Kholowa mwadya masana ano wakukomerani?"

"Anali bwino."

"Anabzala ndi achemwali. Muzikumbukira akamatsika."

Anamanga chitenje n'kutuluka. A Symon anamuitana kawiri, koyamba ndi mawu a mwini nyumba, kachiwiri ndi mawu a munthu wopempha, koma onse awiri sanagwire ntchito.

Atatsala okha anaimbira Raphael.

"Mphwanga, tanditumizira chiitano china. Pali munthu wofunika."

"Palibe, malume. Aliyense chimodzi, mpaka mayeso atatha."

"Atha liti?"

"Mwina mvula ikamayamba. Komanso malume, bwanji simukulemba? Chilowereni mwangolemba kuti moni nonse, ndafika. Anzanga akundifunsa ngati muli moyo."

"Ndikusonkhanitsa maganizo."

"Koma amene munamuitana uja akulemba bwino zedi. Mlimi weniweni ameneyo."

A Symon anati netiweki ikuvuta, n'kudula foni.

Clotilda sanabwere kudzakalipa tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. A Symon anayamba kuganiza kuti mwina nkhaniyo yafa yokha, monga zimafera nkhani zambiri za amayi amasiye. Evelesi ankaphika, ankapereka madzi osamba, ankayankha zimene wafunsidwa basi. Bata limenelo munthu wanzeru akanaliopa.

Lamulungu masana unali ulendo wa banja la a Symon kulandira mphakati. Akhristu a m'dera lawo anadzaza pansi pa nimu, amayi pamphasa, abambo pamabenchi. A Symon anavala jekete ngakhale kunkatentha moti nkhuku zinali kukamwa yasa. A Kaitano analiponso, pampando wakutsogolo, poti ndiwo ankasunga thumba la mphakati. Mapemphero atatha, a Geresomo, wapampando, amenenso amaolotsa anthu pabwato, anafunsa ngati pali zolengeza.

Clotilda anaimirira. Anatenga mtolo wa mphukira za mbatata umene anabisa kumbuyo kwake, n'kukauika pamapazi pa a Symon, kenako anabwerera pamalo pake osakhala pansi.

"A wapampando, ndabwera kudzatenga ngongole."

"Mayi," anatero a Geresomo mosamala, akuponya diso kwa a Kaitano, "nkhani za minda zili ndi bwalo lake."

"Sindinabwere ndi nkhani ya munda. Kubwalo lakelo ndinapita, anandiuza kuti ndidikire, ndipo ndikudikira. Ndabwera ndi nkhani ya lonjezo. Lonjezo la mkhristu kwa mkhristu mnzake likambidwe kuti ngati si pano?"

Amayi anang'ung'udza movomereza. A Geresomo anakanda m'mutu, n'kunena kuti apitirize.

Clotilda anafotokoza zonse mosathamanga: mbatata, chiitano, Lachisanu lija, chithunzi cha magambutsi. Atafika pofotokoza kuti Tilonge ndi malo olembapo nkhani basi, bambo wa mlamba uja anadzuka pabenchi.

"Pepani a wapampando. Ndiye kuti mulibe ufa mmenemo?"

"Mulibe," anatero Evelesi.

"Ngakhale ndowa?"

"Ngakhale sopo."

Bamboyo anakhala pansi pang'onopang'ono, akuyang'ana a Symon ngati akuwerenga minga ya nsomba yake m'mimba mwawo.

"A Symon," anatero a Geresomo, "mwamva. Munalonjeza?"

"Tinakambirana."

"Ine ndimaolotsa anthu, bambo. Munthu amakhala m'bwato kapena m'madzi, palibe pakati. Munalonjeza?"

"Ndinalonjeza. Koma abale, tisakulitse kanthu kakang'ono. Alamu anagwira ntchito, n'zoona. Atchule mtengo wa ganyu, ndiwalipira ndikakolola."

"Sindinagwire ganyu," anatero Clotilda. "Ganyu ndikanakagwira kwa anthu olipira tsiku lomwelo. Munandilonjeza pakamwa poti ndilankhulire. Pakamwa pangapo munapatsa a Kaitano. Ndiye mundibwereke panu."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Tulutsani foni. Ine ndizinena, inu muzilemba, pa dzina lanu lomwelo. Mukamaliza muwerenge mokweza, anthu amve ngati mwalemba zimene ndanena."

A Symon anaseka kaseko kouma, n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna woseka naye. Sanapezeke.

"Zimenezo malamulo a tsambali salola."

"Tiimbire Raphael timufunse," anatero Evelesi. "Pajatu akukudandaulani kuti simulemba."

"Kodi unkamvetsera?"

"Ndinali panja pomwepo. Mumakuwa mukamaimba foni, ngati Blantyre ili kutsidya kwa mtsinje."

A Kaitano, amene mpaka pamenepo ankayang'ana nsapato zawo, anadzutsa mutu. "Shamwali, musaiwale kumene foniyo imadya."

"Ikafa ndi njala tidzaiika m'manda," anayankha Evelesi. "Mphakati ndi uno, oimba alipo kale."

Anthu anaseka, ndipo kusekako n'kumene kunamaliza a Symon. Munthu wodzitama amapirira kutukwanidwa, koma osati kusekedwa pakhomo pake atavala jekete. Anatulutsa foni.

"Khalani apa, alamu, kuti muzimva bwino," anatero Clotilda, akuloza pamphasa pafupi naye. A Symon anayang'ana benchi la abambo, anayang'ana mphasa, kenako anapinda miyendo pakati pa amayi.

"Lembani. Dzina langa ndine Clotilda, wa ku Makhanga, mayi wamasiye wa ana anayi. Ndilibe malo pa tsamba lino, ndabwereka a mlamu wanga."

Chala cha a Symon chinayamba kuyenda. Chinkayenda ngati nkhuku yotola mapira pamchenga, koma chinkayenda.

"Dimba limene mwaliona pachithunzi cha a Kaitano, la mgwalangwa wothyoka nsonga, ndi langa. Ndinalilima ndi mwamuna wanga kuyambira tili achinyamata. Madzi anakwirira malire, a Kaitano n'kukhoma zikhomo pamene anafuna. Magambutsi okha ndiwo awo."

"Nkhabe!" anakuwa a Kaitano, Chisena chitawatulukira chokha. "Limenelo ndi bodza! A wapampando, mukulola zimenezi pa malo opemphera?"

"Ngati ndi bodza, inu muli ndi malo anu pomwepo, mukatsutsa," anatero a Geresomo. "Koma poti mwatchula malo opemphera, tiyeni tifunse. Alipo pano amene sakudziwa mwini dimba la pamgwalangwa?"

Panalibe amene anakweza dzanja. Zinali zodabwitsa ndithu kuona kuti mudzi wonse unkadziwa, ndipo unkadziwa kuyambira tsiku loyamba. Unkangodikira kuti wina ayambe kunena.

A Kaitano anawerengera mwachangu monga munthu wa malonda. Mbali ina kunali dimba la mayi wamasiye, mbali ina pampu ya sola ndi alendo a bungwe amene amatha kuwerenga. Mawu awo anafewa ngati nthochi yakupsa.

"Mayi, tisafike kutali. Mwina anyamata anga analakwitsa pokhoma. Mukudziwa mmene mchenga unasokonezera. Mawa ndikaona, ngati pali cholakwika ndikazula. Izi zolembalembazi tizisiye."

"Alamu, lembani," anatero Clotilda osawayang'ana. "Lero pamaso pa mphakati a Kaitano avomera kuti zikhomo zinalakwika, ndipo anena kuti azula."

"Ndati muzisiye!"

"Mukazula, nkhaniyi ikukometsani, anthu adzati ndi munthu wobweza. Mukapanda kuzula, izikudikirani pomwepo. Ine mawu a pakamwa ndadya okwanira, ndakhuta."

"Ndipo bwanji mawa?" anafunsa a Geresomo. "Dzuwa likadalipo."

"Lero ndi Lamulungu, a wapampando. Sitigwira ntchito."

"Kuzula chikhomo chotere si ntchito, bambo. Ndi kulapa."

Amayi ena anaomba m'manja. A Symon anapumira m'mwamba, poona kuti mphepo yatembenukira kwina, ndipo anayamba kudzuka.

"Ndiye tamaliza bwino. Ndikhulupirira nonse mwaona mphamvu ya tsambali."

"Sitinamalize. Munandiphunzitsa kuti nkhani imafuna mawu omaliza. Khalani pansi."

Anakhala.

"Lembani. Chiitano chimene a Kaitano analowera chinali changa. Ndinachigwirira ntchito m'munda wa mlamu wanga, a Symon, amene akulemba mawu anowa. Iwo anachigulitsa ndi moto wa foni ndi botolo limodzi la chakumwa."

Chala chinaima m'malere.

"Zimenezinso?"

"Zimenezo ndiye ngongole yeniyeniyo."

"Alamu, kumeneku kuli anthu ondidziwa. Kuli maloya, kuli atolankhani."

"N'chifukwa chake ndinabzala mbatata."

A Symon anayang'ana mkazi wawo. Evelesi ankakonza mpango wake modekha ngati munthu amene ali pa ukwati wa eni. Anayang'ana a Geresomo, koma iwo ankayang'ana kumwamba kwa nimu. Anayang'ana ngakhale bambo wa mlamba uja, amene anawabwezera diso lopanda chifundo ngakhale pang'ono.

"Botolo lija sindinapemphe," anatero chapansipansi.

"Wonjezerani kuti simunapemphe. Bodza sindikulifuna."

Analemba. Kenako anawerenga zonse mokweza kuyambira pa dzina la Clotilda mpaka pa botolo, mawu akuchepa akamayandikira kumapeto, moti a Geresomo anawapempha kuti abwereze chiganizo chomaliza chifukwa akumbuyo sanamve.

"Tumizani tsopano," anatero Clotilda.

A Symon anadina. Anadikira. Nkhope yawo inayamba kuwala pang'ono.

"Yakana. Netiweki palibe. Si ine, mukuona nokha. Ndidzatumiza ikabwera."

"Imagwira pa njanji," anatero mayi wina kumbuyo.

"Pa njanji imagwira bwino," anavomera ambiri, mokondwa kuti athandiza.

Choncho mphakati wonse unanyamuka. Anthu amene anakumana nawo m'njira ankapatuka n'kuvula zipewa, poyesa kuti ndi maliro, kufikira ataona kuti amene ali patsogolo akuyenda yekha ndi miyendo yake, atavala jekete, thukuta lili chuchuchu. Atamva nkhani, nawonso ankalowa pamzere. A Kaitano anayesa kupatukira kumsika, koma a Geresomo anawagwira mkono mwachikondi, n'kuwakumbutsa kuti njira ya kudimba ndi yomweyo.

Pa mtumbira wa njanji yakale, pamene madzi anasiya zitsulo zili lende, a Symon anakwera okha. Anaima pamwamba, dzanja lili m'mwamba, foni ikuloza kumene iwo ankaganiza kuti kuli Blantyre. Pansi anthu ankawayang'ana, makosi ali chagada. Dzanja litatopa anasinthira linalo.

"Yapita," anatero pomaliza, ndi mawu a munthu amene wazulidwa dzino.

"A wapampando, kaoneni," anatero Clotilda.

A Geresomo anakwera, anayang'ana pafoni nthawi yaitali, n'kutembenukira kwa anthu.

"Yaoloka."

Clotilda anawomba m'manja kawiri, mwaulemu wonse, atapinda bondo.

"Takhuta, alamu, zikomo. Ine ndi inu tathana, anthu awa ndi mboni. Tsikani bwino, mungang'ambe jekete." Kenako anatembenukira kwa a Kaitano. "Tsogolani, bambo. Zikhomo zanu mukuzidziwa ndinu."